Chitseko cha Lenia

Lenia Chavula amagulitsa nthochi pafupi ndi depoti ya Mzuzu, ndipo chuma chake chenicheni pansi pano ndi chitseko. Musaseke. Ndi chitseko cha mlombwa chimene malemu mwamuna wake, yemwe anali kalipentala, anakhoma asanayambe kudwala. Nyumba ndi yalendi, koma chitseko n'chake.

Chaka china ku Chiputula kunabwera anthu ovala majekete a bungwe lina lakunja, ati akuyeza ngati umphawi ukuchepa padziko. Amene analowa kwa Lenia anali bambo wina waulemu, dzina lake Overtoun. Anayang'ana pansi padothi, anayang'ana denga lodontha, anafunsa kuti amadya kangati patsiku, uku akudinadina foni. Pomaliza analemba nambala pachitseko ndi penti yabuluu.

"Tidzabweranso, mama, kudzaona ngati zasintha," anatero. "Amene tidzawapeze akuvutikabe chomene, ana awo bungwe lidzawaphunzitsa sekondale."

Lenia ali ndi mwana mmodzi, mtsikana, dzina lake Luso, wakuthwa mutu m'kalasi. Choncho nambala ija anaisamala ngati dzira. Mvula ya Mzuzu, imene sidziwa nyengo, ikayamba kuwomba, iye ankathamangira kukaiphimba ndi pulasitiki.

Chimene chinkamuzunguza mutu n'chakuti sankadziwa chimene alendowo ankafuna. Ati akufuna umphawi uthe. Atinso thandizo n'la amene umphawi sunawathere. Ndiye munthu alimbikire kapena akhale manja lende? Atagula ndowa yatsopano anakaibisa kwa anzake oyandikana nawo, mawa lake n'kukaitenganso, poti madzi satungira m'manja.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Eni nyumba, a Frackson, atalandira penshoni anathira simenti pansi, anakhoma malata atsopano, anakoka magetsi, lendi nayo n'kukwera mpaka Lenia osaifikira. Anapeza kanyumba ka zidina kumapeto kwa Msongwe. Tsiku losamuka anazula chitseko chake n'kuchimangirira panjinga ya kabaza, iye akutsatira pambuyo wapansi, dzanja lili panambala.

Kumeneko chitseko chinakana kulowa, khomo linali laling'ono. Lenia sanadandaule. Anachiyedzamiritsa kukhoma, moyang'ana kumsewu, kuti a majekete akamadutsa asavutike kumupeza. Anthu a ku Msongwe ankadabwa ndi nyumba ya zitseko ziwiri, china cholowera, china chongoonetsa.

Luso analemba mayeso a Sitandade 8, nakhoza bwino. Alendo aja zii.

Tsiku lina masana Overtoun anaima pa nthochi za Lenia, osamuzindikira.

"Monire, adada. Mwandiiwala? Ndine wa chitseko cha mlombwa chija. Ndikukudikiranitu."

"Yewo, mama. Koma ku Chiputula tinamaliza kale." Anatulutsa foni, Lenia n'kumuuza nambala pamtima. Nkhope ya bamboyo inawala. "Eya, nayi. Pansi simenti, magetsi, firiji. Khomo limeneli latuluka mu umphawi, mama. Report inapita kale kunja."

"Firiji ya ndani?"

Overtoun anayang'ananso. "Tinapeza mayi wina wogwira ntchito m'boma, wochokera ku Dedza."

"Nanga ine?"

"Foniyi imatibwezera pamalo pamene tinaima poyamba paja. Siitsata chitseko."

"Ndiye penti ija munalemberanji?"

Bamboyo sanali munthu woipa, ndipo manyazi anamugwira zedi.

Lenia anayesa kuilongosola nkhaniyo pang'onopang'ono, mwina angaimvetse yekha. "Wosauka munamupeza ndine. Yatukuka ndi nyumba ya a Frackson. Ndiye kunja kuja akusangalala kuti Lenia zake zayera?"

"Ndikafunsa ku office, mama."

Anagula nthochi zambiri kuposa zimene ankafuna, osanenerera mtengo, n'kulowa m'depoti.

Lenia sanakwiye, poti sanadziwe woti amukwiyire. Mtima unangomuwawa. Sukulu zitatsegulidwa, anzake a Luso anapita ku Fomu 1, iye n'kuyamba kusenza dengu la nthochi pambuyo pa mayi ake.

Dzana akuweruka mvula inawapeza atangofika pakhomo. Luso anafunsa ngati anthu aja adzabwerebe. Lenia anatola pulasitiki ija, naima nayo kanthawi mvula ikumunyowetsa, kenako anaphimba nambala ija, m'mbali monse n'kupsinjapo miyala.