Njinga ya Bambo Anga

Kugalaja ya mabasi komwe ndimagulitsa matikiti, munthu akafuna kuti usaine amati, "Palasa njinga apa." Amanena akuseka. Ine zimandiwawa mpaka m'mafupa, chifukwa njinga akunenayo ndi ya bambo anga.

Bambo anali makaniko wa mabuleki pagalaja yomweyi. Kulemba anaphunzira atakula kale, ife ana awo tikuwagwira dzanja patebulo. Siginecha yawo inali timizere tiwiri tozungulira ndi kamzere kolumikiza pakati, ndiye anzawo anati imeneyo ndi njinga. Iwo sankakwiya. Ankayamba apukuta girisi m'manja, n'kukhala pansi, lilime lili panja, n'kuijambula pang'onopang'ono. Akamaliza ankaliyang'ana pepalalo ngati mwana wongobadwa kumene.

Lamulo linali lakuti basi isatuluke pageti makaniko asanasaine kuti mabuleki ali bwino. Kapitawo wawo, munthu wa pakamwa potsekemera, anawadziwa pofooka. Ankabwera m'mawa ndi mulu wa mapepala.

"Madala, palasiranitu njinga zonsezi. Mabasi achedwa, muwaona akabwerako."

"Koma basi iyi sindinalowe pansi pake."

"Aaa, inunso! Abwana amati pakampani pano palibe wosaina mokongola ngati inu."

Atamva zimenezo bambo ankangosungunuka. Apa ndiye ndimawakwiyira nawonso. Munthu wamkulu, wa ana ake, kugulidwa ndi mawu okoma! Amayi anawachenjeza kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, iwo n'kumati akazi sadziwa za ntchito.

Tsiku lina basi inakanika kuima pamtsetse n'kukawomba khoma la sitolo. Palibe anafa, koma dalaivala anathyoka miyendo yonse. Akuluakulu a kampani atawaitana bambo, sanafunse n'komwe kuti ankathamangitsa mabasi osaonedwa ndani. Anangotulutsa pepala.

"Iyi si njinga yanu?"

Kapitawo anali pomwepo, akuyang'ana nsapato zake. Bambo anawachotsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo mbiri inawanda m'magalaja onse kuti ndi makaniko wopha anthu. Palibe anawalembanso ntchito. Kapitawo ujayo lero ali ndi ofesi yakeyake, ndipo akandiona amafunsa wopanda ndi manyazi omwe, "Madala akupeza bwanji?" Ndimayankha kuti ali bwino, chifukwa pakhomo pathu wogwira ntchito ndine ndekha, koma mumtima ndimakhala ndikumutukwana.

Chaka chatha amayi ankafunika opaleshoni. Namwino anabwera ndi pepala loti amuna awo avomereze, n'kuwapatsira bambo cholembera. Iwo anangochiyang'ana, manja atapinda kumbuyo.

"Bambo, mumatha kulemba?" anafunsa namwinoyo.

"Ayi, mwanangu," anayankha bambo. "Bweretsani inki ndidinde chala."