Chifalansa cha pa Mpando Wometera

A Penti, monga anthu ankawatchulira, anakalamba akulemba zikwangwani za masitolo. Utoto sunkachoka m'zikhadabo zawo, ndipo anali munthu wosayankhulayankhula. Chithunzi cha munthu anajambulapo chimodzi chokha: malemu akazi awo ali pa makina osokera, atafulatira, duku litapendekera kumanzere.

Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutali, moti mdzukulu wawo anakula akuyankhula Chifalansa chokha. Tsiku lina akuonana pafoni, mdzukulu wamkaziyo analoza chithunzicho pakhoma.

"Akufunsa kuti bwanji agogo ake simunawajambule nkhope," anamasulira mayi ake. "Akuti kapena munaiwala."

A Penti anangoseka, koma funsolo linawakhala pamtima. Sanafune kuti mwanayo akule akuganiza kuti agogo ake anaiwalika.

Pafupi ndi shopu yawo panali mnyamata wometa amene anakulira kudziko loyankhula Chifalansa.

"Undiphunzitse chiyankhulo chakocho, mwana wanga."

"Madala, Chichewa chomwechi mumachiumira. Mukufuna mukanene chiyani?"

"Kuti chithunzicho n'chabwino."

"Zimenezo amanena ndi ogula. Nenani zanu."

Anayamba ndi mitundu ya utoto, ndipo izo sizinavute. Kenako anafika pa mawu a mumtima: kusowa munthu, manyazi, kuthokoza. "Tulutsani mlomo ngati mukuuzira tiyi," ankatero wometayo, odikira pabenchi n'kumagwa ndi phwete. Koma ikafika nkhani ya chithunzi, a Penti ankangoti zii.

"Ine chete sindimamasulira, madala."

Tsiku lina atawameta, mnyamatayo anawaikira kagalasi kumbuyo kuti aone nkhongo yawo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Malemu akazi anga aja ndinkawaona chonchi," anatero. "Iwo ankasoka atayang'ana kuwindo, ine ndikusakaniza utoto kumbuyo kwawo. Akacheuka ndinkazolika. Msana wawo wokha ndi umene ndinkauyang'ana mopanda manyazi."

Wometayo anaika kagalasi pansi. "Basi, zimenezo. Tiyeni tizidule pang'onopang'ono, tiziike m'Chifalansa."

Mdzukulu atabwera kudzacheza, a Penti anamuimika patsogolo pa chithunzicho n'kuyamba Chifalansa chawo chotsimphina. Mawu ena anathawa, ena anatuluka chafutambuyo. Mayi ake anafuna kuthandiza, koma mtsikanayo anawagwira mkono kuti asiye.

"Sindinaiwale," anamaliza motero a Penti. "Umu ndi mmene ndinkawakondera."

Mtsikanayo anakoka kampando, nakhala pawindo atawafulatira, n'kuloza maburashi.

Sabata yomweyo a Penti anamulembera wometa uja chikwangwani chatsopano, osapemphedwa. Anamujambula ali pantchito, lumo lili m'manja, atafulatira.

"Madala, nanga makasitomala andidziwa bwanji?"

"Makutu akowo, mwana wanga. Palibe angawasokoneze."