Thady Mulqueen ndi Lupanga la Kaputeni Hanlon

Padoko lonse la Boston panalibe munthu wamtali ngati Thady Mulqueen. Nyumba iliyonse ankalowa atayamba wawerama. Anachoka ku Ireland zaka za njala, mbatatesi zitaolera m'nthaka, makolo ake onse awiri atawaika m'manda. Anatsika m'sitima yapamadzi ali ndi mkazi wake Honora, mwana wakhanda dzina lake Brigid, ndi msana wolimba. Msanawo ndi umene unkawadyetsa, chifukwa ntchito yake inali yosenza mabelo a thonje ndi migolo ya shuga kuchokera m'sitima kupita m'nyumba zosungiramo katundu.

Wogawa ntchito padokopo anali Garrett Hanlon, munthu wa kwawo komweko amene anabwera kale ndipo zinthu zinamuyendera. Hanlon yemweyo ndiye anali kaputeni wa Alonda a Kinsale, gulu la asilikali odzipereka limene anyamata a ku Ireland anadzipangira okha. Boma linkawabwereka mfuti, ndipo likawafuna linkawaitana. Padoko aliyense ankadziwa kuti wofuna kutchulidwa dzina pogawa ntchito Lolemba m'mawa aziguba Loweruka masana. Thady analowa gululo chifukwa cha mimba, koma posakhalitsa analikonda ndi mtima wonse. Eni mzinda ankawanyoza anthu a ku Ireland, kuwatcha akuba ndi zidakwa. Koma akavala jekete yobiriwira ya mabatani amkuwa, ng'oma ikulira kutsogolo, ankayenda pakati pa msewu mutu uli m'mwamba ngati munthu wina aliyense.

Chakudya chamasana ankadyera kuseri kwa shedi ya migolo pamodzi ndi Silas, munthu wakuda amene ankakonza migolo yosweka. Silas anali wamfupi, wa manja akuluakulu, ndipo pakamwa pake sipankatha nthabwala.

"Iwe mlongoti, kabichi lero, kabichi dzulo. Kodi kwanu kulibe ndiwo zina?"

"Nanga nsomba zako zamcherezo? Ntchentche za doko lonse zikukudziwa dzina."

"Zimadziwa pali zabwino. Tenga, ulawe, mwina unganenepeko."

Za kumene anachokera Silas sankakamba, ndipo Thady sanafunsepo. Zinadziwika tsiku limene anthu achilendo anabwera ndi apolisi n'kumugwira ali ndi nyundo m'manja. Anati ndi kapolo wothawa kumunda wa fodya kum'mwera, ndipo mbuye wake akumufuna. Khoti linavomera. Mzinda unawira. Anthu odana ndi ukapolo anadzaza misewu, ena akunena poyera kuti amulanda panjira. Boma linaitana magulu a asilikali kuti atchinge msewu wochokera kukhoti kukafika kudoko. Magulu ena a eni mzinda anadwala mwadzidzidzi. Alonda a Kinsale anavomera onse.

"Lero aone kuti ifenso ndi anthu a lamulo," anatero Kaputeni Hanlon m'mawa wa tsikulo, akuyenda kutsogolo kwa mzere. "Akhala akutinena kuti ndife achipongwe. Aliyense aike chipolopolo. Ndikati lozani, muloze. Ndikati ombani, muombe."

Hanlon anamuika Thady pakona pamene msewu umatsetserekera kudoko. Dzuwa linatentha. Anthu anapanikizana mpaka mabatani a jekete yake ankakhudza zifuwa zawo. M'mazenera anapachikamo nsalu zakuda ngati pamaliro. Mayi wina wachikulire, wovala bwino, anamuyang'ana m'maso n'kumulavulira pachibwano.

"Agalu a eni akapolo! Munathawa njala kuti mudzagwire anzanu?"

Thady sanapukute. Dinny Roche, mnzake wa m'gulu amene anaima kumanzere kwake, anali ataika kale chala pokhethemulira mfuti.

"Aise, akatikankha tatha," ananong'ona Dinny. "Ine ndiomba, Thady. Ndikulumbira, ndiomba."

"Chotsa chala pamenepo. Yang'ana kutsogolo."

Kenaka phokoso linakwera kuchokera kumtunda kwa msewu ngati mvula yamatalala. Silas anatulukira ali pakati pa apolisi, manja ali m'maunyolo, atavekedwa suti yatsopano imene sinkamukwana. Ankayenda pang'onopang'ono. Atafika pakona anakweza maso, ndipo sakanalephera kumuona munthu wamtali chotero. Anaima.

"Thady," anatero, mawu ake ali wamba ngati akupempha fodya. "Zida zanga zili pansi pa benchi. Ukapatse Martha."

Wapolisi anamukankha. Nthawi yomweyo njerwa inachokera padenga n'kugwera Dinny paphewa. Gulu la anthu linasefukira kutsogolo. "Lozani!" anakuwa Hanlon. Mfuti zinakwera. Thady anapeza kuti nsonga ya mfuti yake yaloza pakhosi pa mayi uja, ndipo mayiyo sanasunthe. Anadikira mawu achiwiri aja. Sanabwere. Anthu a kutsogolo anabwerera m'mbuyo akupondana, apolisi anathamangitsa Silas kutsetsereka, ndipo pasanapite nthawi sitima yomutengera kum'mwera inali itamasula zingwe.

Mawa lake Thady anakulunga nyundo, sompho ndi zida zina m'thumba n'kukafunsira nyumba ya Silas kuphiri kumene anthu akuda ankakhala. Martha, mkazi wa Silas, anatsegula chitseko pang'ono chabe. Analandira thumbalo, n'kuliyang'ana, n'kumuyang'ana iye.

"Ndinu Thady? Ankakutchulani. Dzulo munali mumsewu muja?"

"Ndinalimo, mayi."

"Ndi mfuti?"

"Ndi mfuti."

Martha anatseka chitseko mosamenyetsa. Thady anaima pakhomopo chipewa chili m'manja mpaka anazindikira kuti anthu a nyumba zoyandikana akumuyang'ana.

Patapita milungu ingapo kunamveka kuti amalonda a thonje agula lupanga laulemu loti apatse Kaputeni Hanlon. Silinali lomenyera nkhondo. Chogwirira chake chinali chokutidwa ndi golide, kumutu kwake kuli chiombankhanga, ndipo pachimake chasiliva anajambulapo zeze wa ku Ireland pakati pa masamba. Anyamata a gulu ankakankhana kuti alione pazenera la wosula. Thady sankadziwa kuwerenga, choncho Dinny ndiye anamuwerengera mawu ozokotedwa pampeni wake: kwa Kaputeni Garrett Hanlon ndi Alonda a Kinsale, chifukwa chosunga bata mumzinda pa tsiku la chipwirikiti.

Hanlon anamuitana padoko. "Mulqueen, tsiku la phwando ndiwe udzanyamule lupanga kuchokera pakhomo kufika kutebulo la akuluakulu. Ndikufuna munthu wooneka. Ukamete bwino."

Kunyumba Honora anamva nkhaniyo akuchapa zovala za eni ake, pakuti ndiyo inali ntchito yake. Pa nthawiyi ana anali atakwana anayi. Anayang'ana nkhope ya mwamuna wake n'kuleka kuchapa.

"Bambo a Brigid, ndikukudziwani. Chimene mukuganizacho chisiyeni."

"Sindinanene kanthu."

"N'chifukwa chake ndikuopa. Kuyambira tsiku lija simudya, simuseka. Mverani. Munyamule, mupereke, mubwere kunyumba. Silas sabwerera chifukwa choti inu mwakwiya. Ana awa adya chiyani a Hanlon akakuchotsani?"

"Ndamva, mayi."

"Mwamva, koma mwavomera?"

Thady anatuluka kukatunga madzi.

Phwandolo linachitika masana m'holo ya pamwamba pa sitolo ya zingwe za sitima. Munadzaza. Kutsogolo kunakhala amalonda a zipewa zazitali, wansembe, ndi Hanlon atavala zonyezimira. Asilikali anaima mizere iwiri, pakati pali njira. Ng'oma inayamba. Munthu wina anaika mtsamiro wofiira m'manja mwa Thady, lupanga lili pamwamba pake. Linali lopepuka modabwitsa kwa munthu wozolowera mabelo a thonje.

Anayamba kuyenda. Mpaka pamenepo sanadziwe chimene achite, ndipo pambuyo pake ankanena kuti miyendo ndiyo inaganiza. Atafika pakati pa holo anaima. Woimba ng'oma anapitiriza pang'ono, kenaka naye anasiya. Munthu wina anatsokomola.

"Mulqueen," anatero Hanlon akumwetulira ndi mano okha. "Bwera nalo."

Thady anawerama n'kuika mtsamiro pansi, pamatabwa, mosamala ngati akugoneka mwana.

"Pepani, bwana Kaputeni. Ili sindinyamula."

"Wati chiyani?"

"Munthu uja ndinkadya naye. Ndinaima mumsewu monga munanenera, mfuti ndinaloza monga munanenera. Koma zoti tizivina nazo, ayi. Atole wina."

M'holomo mawu anaphulika mbali zonse. "Wapenga!" "Watichititsa manyazi pamaso pa alendo!" "Mponyeni pazenera!" Anyamata awiri anatuluka pamzere zibakera zili zokunga. Hanlon anatsika n'kufika pafupi, nkhope itafiira, mutu wake ukulekeza pachifuwa cha Thady. Analankhula motsitsa kuti akuluakulu asamve.

"Ukuyesa ine ndinakondwa tsiku lija? Anthu awa akhala akutiponda zaka zonsezi. Lero atipatsa mpando, iwe ukuugwetsa. Tola, Thady. Tola, ndiiwala zonse."

Thady anayang'ana lupangalo, anayang'ana Hanlon. Anakumbukira Honora pa beseni lochapira.

"Sinditola, bwana."

Anamasula mabatani a jekete, n'kuivula, n'kuipereka kwa Dinny amene anali pafupi. Dinny anailandira osamuyang'ana. Njira yopita kukhomo inali yopapatiza ndipo aliyense anali ndi chonena. Wina anamumenya chibakera kukhutu, wina anamutchera mwendo pamasitepe. Sanabwezere. Atafika mumsewu anamva ng'oma ikuyambanso pamwamba.

Honora atamuona akulowa wopanda jekete, khutu likuchucha magazi, anamukhazika pansi. Ananyowetsa nsalu n'kumupukuta mwamphamvu kuposa mmene zinafunikira. Anatha mlungu osamulankhula.

Padoko dzina lake silinatchulidwenso. Kutchalitchi anthu a kwawo ankasuntha akakhala pabenchi pawo, ndipo makasitomala ena a Honora anakatenga zovala zawo zisanachapidwe. Dzinja la chaka chimenecho linali lozizira koopsa. Brigid anasiya sukulu n'kukalowa ntchito ya m'nyumba. Thady anayenda mpaka anapeza ntchito kufakitale yofufuta zikopa kunja kwa mzinda, ntchito yonunkha imene inamudya khungu la m'manja, ndipo banja linasamukira komweko.

Chaka chotsatira boma latsopano linalamula kuti magulu onse a asilikali obadwira kunja athe. Apolisi anabwera ndi ngolo n'kutenga mfuti za Alonda a Kinsale. Amalonda a thonje aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anawalankhulira. Lupanga lokha silinatengedwe chifukwa linali la Hanlon mwini, ndipo linakapachikidwa pakhoma m'chipinda chake chochezera. Nkhondo yaikulu ya kumpoto ndi kum'mwera itayamba, boma lomwelo linawaitananso. Hanlon anasonkhanitsa anyamata ake n'kupita, ndipo anafera kunkhondoko ali kutsogolo kwa anthu ake. Thady atamva analira, zimene zinadabwitsa ana ake.

Iye sanapite kunkhondo chifukwa chifuwa chinali chitayamba kale kumuvuta. Nkhondo itatha, akapolo atamasulidwa, ankapita kudoko masiku ena a Lamlungu kukafunsa amalinyero ochokera kum'mwera ngati anaonapo mmisiri wa migolo dzina lake Silas. Palibe anamudziwa. Martha anali atasamukira ku Canada osasiya mawu.

Lupanga lija adzukulu a Hanlon anadzaligulitsa kwa munthu wosonkhanitsa zinthu zakale, koma pamenepo n'kuti Thady atamwalira kale. Anafera m'nyumba ya Brigid, amene anakwatiwa ndi woyendetsa ngolo ndipo anabereka ana ambiri. Honora anakhalabe ndi moyo zaka zina zingapo. Adzukulu akamufunsa ngati agogo awo anachita bwino tsiku lija, ankayankha mwaukali kuti anagonetsa ana ndi njala dzinja lathunthu chifukwa cha mutu wouma. Koma mlendo wina atayerekeza kunena zomwezo patebulo pake, mayi wokalambayo anamulanda mbale n'kumulozera khomo.