Tsamba Limene Amalume Anasuta

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Fomu 1 pasukulu ina kufupi ndi Madisi. Kalasi yonse tinali ndi buku limodzi lokha la nkhani zazifupi, ndipo a Nkhoma, aphunzitsi athu a Chichewa, ankalisamala ngati dzira. Lachisanu lina anatiwerengera nkhani ya mayi amene mwamuna wake anapita kukalima fodya kuesiteti osabwerako. Mvula ikugwa, wina anagogoda pachitseko cha mayiyo. Belu loweruka linalira pomwepo.

Ine mtima unakana kudikira Lolemba. Anagogodayo anali ndani? Ndinachonderera mpaka a Nkhoma anandibwereka bukulo.

Nditangofika kwathu ku Msakambewa, amayi anandiitanira kuchigafa kukasoka fodya. Manja anada bii ndi phula la fodya, choncho buku ndinaliika pamtanda wa chigafacho kuti lisade. Pobwera kosamba ndinapeza amalume atakhala pamthunzi, utsi wa chingambwe uli tolotolo. Nditatsegula buku, tsamba lomaliza la nkhani ija panalibe.

"Malume, mwatani?"

"Aa, ndangothothola limodzi, mphwanga. Ambiriwa sakukwanira?"

Ndinalira, osati poopa chikwapu ayi, koma poganiza kuti wogogoda uja sindidzamudziwanso.

Lolemba a Nkhoma anayang'ana pong'ambikapo, ananunkhiza bukulo, n'kupukusa mutu. Nawonso anali asanaiwerenge mpaka kumapeto! Kenaka anatenga choko.

"Chabwino, timufufuza tokha. Mpangankhani wamkulu ndani? Akufuna chiyani? Nkhaniyi ikuchitikira kuti, nyengo yanji?"

Tinayamba kuifukula nkhaniyo ngati mbatata. Wina anati ndi mwamuna uja. Mnzanga Esinta anakana, amvekere munthu wolima fodya wa eni sangachoke mvula ili pakati, fodya asanagulitsidwe. Ine ndinafunsa chifukwa chimene mlembi anatchulira mlamu wa mayiyo mobwerezabwereza. A Nkhoma sanavomereze yankho lopanda umboni. "Wazitenga pati? Tiwerengere." Tsiku limenelo ndinadziwa kuti mlembi saika chinthu m'nkhani mwangozi. Tinakangana mpaka tinaiwala kupita kokapuma, ndipo mkanganowo unatha teremu yonse.

Masiku ano ana anga akafuna kudziwa mathero a nkhani amangofunsa foni, yankho pompo. Sadziwa kukoma kogona ndi funso. Ine langa ndinagona nalo mpaka imvi zitayamba.

Chaka chatha ndinalipeza buku lija pamulu wa mabuku akale mumsika ku Lilongwe. Ndinawerenga tsamba lija nditaimirira pomwepo. Mayi uja atatsegula chitseko, anadzidzimuka kutulo. Zonse anali maloto basi! Panalibe wogogoda aliyense.

Ndinaseka mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndili bwino. Amalume anatisiya kalekale, koma tsiku limenelo ndinawakhululukira ndi mtima wonse. M'buku lonse lija, anasuta tsamba loyeneradi kusutidwa.