Mwezi wa Nyanga Zinayi

Nkhani ya mwezi ndinkaidziwa ine, osati za kumva. Ku sekondale ku Petauke mphunzitsi wa sayansi anatseka mawindo ndi mabulangete, natenga lalanje ndi tochi. Anati mwezi ulibe moto wakewake, umachita kupala kwa dzuwa. Suonda, sunenepa, sufa. Theka lake limakhala lowala nthawi zonse, koma poti ukuzungulila dziko, ife timauonela pambali, ndiye lelo tiona kachigawo, tsiku lina wonse. Zambili za kusukulu zinandithawa, koma izi zinakhala. Ku Sasare ndinatsala pang'ono kumenya munthu pa mowa chifukwa ankati mwezi umatha ngati sopo. Ndinamuuza kuti, "Chitsilu iwe, mwezi susintha, chosintha ndi poonela!"

Ntchito yanga ndi kuyendetsa lole ya eni ake. Thonje pa nyengo ya thonje, nthochi za ku Nyimba masiku ena onse. Ana anga ndi amai awo amadya mawilo amenewo, palibe china.

Tsiku lina dzuwa litangolowa ndinali kusamba m'manja pabwalo, kuchotsa mafuta a injini. Ndikweze maso chakumadzulo, mwezi watsopano wakhala. Koma unali ndi nyanga zinayi, ngati zikwakwa ziwili zosanjikana.

"Amai, tabwelani muone. Mwezi wabala."

Mkazi wanga anatuluka, nayang'ana, nandiyang'ana ine.

"Wabala kuti? Ndiona umodzi. Mwamwa?"

"Ndamwa liti, poti lole ndaimika pompano?"

"Ndiye tatsinzinani diso limodzi."

Ndinatsinzina lamanja, iwili. Ndinatsinzina lamanzele, umodzi, koma woyezuka ngati uli kuseli kwa utsi. Ndinati ndi utsi wa lupsa, anthu atentha tchile lonse. Ndinatinso mwina ndi fumbi. Ndinafufuza m'mutu zonse za lalanje lija, koma za miyezi iwili munalibe.

"Bambo," anatelo mkazi wanga mofatsa, ndipo kufatsa kwake ndiko kumandipsetsa mtima, "si ndinu mumati mwezi susintha, chosintha ndi poonela? Nanga lelo chasintha n'chiti?"

Ndinamenya beseni ndi phazi, madzi pwa! pansi.

Mwezi unakula, nyanga zinatha, unasanduka mazila awili ogundana. Pamsewu napo zinayamba. M'bandakucha wina ndinaona nyali ziwili zikubwela, ndinati ndi galimoto, ndinapatuka mpaka m'mbali, koma chinadutsa ndi njinga yamoto. Tsiku linanso ndinaona anthu awili pa njinga za makala. Ndinazemba mmodzi, kunapezeka kuti amene ndazembayo ndi mphepo chabe, weniweniyo ndinamuphonya ndi kachala. Anagwela m'udzu, nadzuka akutukwana amai anga. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinabwezele.

Mkazi wanga anauza mlongo wake amene amakonza njinga ku Nyimba, ine osadziwa. Madzulo ena foni yalila, ndi alamu angawo. Mawu ankadukaduka.

"Alamu... a maso aja... pa tchalitchi pathu... mailo..."

Foni zii. Ndiimbe, siilowa. Koma ndinali nditamva zokwanila: madokotala a maso oyendayenda, pa tchalitchi, mailo. Ndipo ulendo wa nthochi unalipo kale. M'mawa mwake ndinalawila, kuyendetsa pang'onopang'ono ngati ndanyamula malilo, diso lamanzele lotsinzina.

Pa tchalitchi ndinapeza pali mbee, dokotala ndi mmodzi yemwe palibe. Mabenchi akulowetsedwa m'kati, tithonje tili mbwee pansi. Alamu anatulukila ndi sipanala m'manja.

"Aa, alamu, mwabwelelanji?"

"Si munati mailo?"

"Inde, mailo. Anabwela mailo, anapita."

"Mailo liti, munthu iwe?"

"Lakumbuyo! Lelo ndiye lasanduka dzana!"

"Nanga munandiimbilanji foni kundiuza chinthu chotha?"

"Kuti musavutike n'kubwela."

Ndinakuwa mpaka nkhuku za abusa zinabalalika. Anthu tinapeza mawu a mtundu uliwonse wa nthochi, koma tsiku lapita ndi tsiku likubwela tinawapatsa dzina limodzi. Anayambitsa zimenezi ndani?

Phokoso langa linatulutsa mai wina wachikulile, nesi wopuma ntchito amene anathandiza madokotala aja. Anandikhazika pa benchi, natulutsa katochi, naunika m'diso langa. Ndinakumbuka lalanje lija, koma tsopano lalanje ndinali ine.

"Ndi ng'ala, bambo, konsekonse, koma lamanzele laposa. M'diso muli kagalasi. Kanu kachita chifunga, ndiye kuwala kukalowa kamakugawa. Amakachotsa n'kuikamo kena."

"Ndiye mwezi uli umodzi?"

"Unali umodzi mailo, udzakhala umodzi mailo. Madokotala anati abwelanso mwezi ukatha. Kufikila pamenepo, chiwongolelo musagwile."

Mwezi unali udakali kumwamba m'mawa umenewo, wotumbuluka, chakumadzulo. Ndinauloza.

"Mwezi uti ukatha? Wa pakalendala kapena uwo?"

"Uti, alamu?" anatelo mlamu wanga. "Paja inu muli nayo iwili."

Akanakhala wina ndikanamumenya khofi.

Lole inali chiimile panja pa mpanda, makiyi ali m'thumba mwanga. Ndikanena kwa mwini lole, ntchito mwina yatha. Ndikapanda kunena, wa makala wina sadzadzuka kutukwana. Ndinazungulila lole ija, kumenya matayala ndi phazi ngati alakwa ndi iwo. Kenako ndinaimbila mwini wake. Anamvetsela, nati atumiza dalaivala wina pa basi. Ndinafunsa ngati mpando udzandidikila. Anati, "Tidzaona." Kuona! Mawu omwewo.

Ndinabwelela ku Petauke nditakhala kumanzele m'lole yanga yomwe, mnzanga uja akukukuta magiya ngati akupela chimanga.

Kuyambila pamenepo mwezi wakumwamba wafa n'kukhalanso, wa pakalendala nawo watha, madokotala sanaoneke. Nesi uja akuti tidikile. Madzulo ndimakhala pabwalo n'kuyang'ana nyanga zinayi zija. Ndikudziwa kuti ziwili ndi za dzuwa, ziwili ndi zanga. Koma mukandifunsa kuti zanga ndi ziti, zapamwamba kapena zapansi, sindingakuuzeni.