Msana wa Mkamwini

Tsiku limenelo tinkakumba mtedza. Ndinali mtsikana wongotha msinkhu kumene. Kumunda tinalipo anayi: ine, amayi, achemwali anga a Rozina ndi amuna awo, amene anakwatira kwathu chikamwini.

Kwathu ndi ku Mozambique, chigawo cha Tete. Mtundu wathu ndi waung'ono, midzi itatu m'tsinde mwa phiri. Kwathuko mkamwini ndi apongozi ake sapenyana kumaso. Sapatsana chanza, sadyera pamodzi. Akakumana panjira wina amapatukira m'tchire. Ngakhale kumundako alamu ankakumba mzere wakumapeto, atafulatira.

Phokoso loyamba tinaliyesa nsungwi zikuphulika pamoto. Kenako utsi unakwera pamene panali nkhokwe zathu. Mbuzi zinatidutsa zikuthamanga, ina ikukoka chingwe.

Sitinabwerere kumudzi. Achemwali anabereka mwana wawo kumbuyo. Ine ndinamanga mtedza m'chitenje, ndi dothi lake lomwe.

Tinayenda m'tchire kulowera ku Malawi. Amayi anaponda chitsa chakuthwa. Phazi linatupa mpaka patapata anakana kulowa. Anagulula khasu, mpini n'kukhala ndodo.

Tinafika pamtsinje. Madzi anali olekeza m'chiuno, miyala yoterera. Alamu anawolotsa achemwali ndi mwana. Anawolotsa ine. Anabwereranso, nagwada chofulatira, msana uli kwa amayi.

Amayi anafunda chitenje kumutu. Anafuulira ine tsidya, ngakhale alamu anali pamapazi awo pomwepo.

"Auze alamu akowo, msana umenewo ndi wa Rozina."

Alamu nawo anayankhira mwa ine. "Auzeni kuti ndatsinzina."

Anagwada pamenepo nthawi yaitali. Ine ndinawolokanso kuti ndiwabereke ndekha. Tinagwera limodzi pamchenga, amayi n'kuseka. Kumbuyo mfuti zinayambanso.

Amayi anati tipite tikaitane atsibweni, mlongo wawo, amene tinamva kuti anatsogola. Tinawakhazika pansi pa mkuyu. Ndinawasiyira mtedza wonse. Anandibwezera wina m'manja.

Atsibweni sitinawapeze. Kutacha alamu anabwerera ndi azimayi awiri a ku Malawi, ojintcha, oti akawanyamule. Pamkuyu anangopeza makoko a mtedza, amayi palibe. Mpini panalibe. Achemwali amati ndiye kuti anadzuka n'kuyenda. Inenso ndimatero.

Tinakhala kumsasa wa othawa nkhondo. Kenako alamu anapeza ntchito ya fodya ku Kasungu, ndipo fodya yemweyo anatifikitsa kuno ku Zambia, ku Lundazi, kwa Mwase. Ndinakwatiwa konkuno. Tili ndi munda wathu, usiku timagona. Mwana wanga wamkazi amalonjera m'Chitumbuka kuti "monile". Ndikamuuza za midzi itatu amafunsa ngati minibasi imafikako. Anthu a midzi imeneyo anamwazika. Ena ali ku Mwanza, ena anabwerera n'kupeza eni atsopano, ena sitimva.

Chaka chilichonse fodya akatha kugulitsa, alamu amakwera basi kupita kumalire. Amafunsa za amayi m'misika, m'matchalitchi, pazigayo. Ine sindipita nawo, ana akadali aang'ono. Anthu akawafunsa kuti mayiyo nkhope yake njotani, amasowa chonena. Amadziwa mawu awo ndi mapazi awo basi.