Chaka Chimene Amuna Anga Anasewera pa Kapinga

Amuna anga anayamba kudwala tenisi chaka chimene tinasamukira ku Coolock, mu Dublin. Matendawa amabwera kumapeto kwa Juni, ukayamba mpikisano uja wa ku London wosewerera pa kapinga, umene aliyense amavala zoyera ngati akukabatizidwa. Nthawi imeneyo iwo ankalondera pa sitolo ina, ine ndikusamalira okalamba ku Santry. Ndikamabwera ku shifiti miyendo itatupa, ndinkawapeza pa sofa akulangiza akatswiri kudzera pa TV.

"Pinda maondo, mwana iwe! Ndikuuze kangati?"

Mwana wouzidwayo anali nambala wani padziko lonse. Mlangizi wakeyo mpira umene anaudziwapo ndi wachikulunga basi, ku Ndirande, ndipo kumenekonso ankawaika pagolo chifukwa chosowa powaika.

Anali ndi wosewera wawo wapamtima, wachikulire pang'ono, amene atolankhani ankati watha. "Ameneyu ndi ine," ankatero akudziguguda pachifuwa. "Anthu amatiyesa tinatha." Mkuluyo akagwira mpira kuti ayambe, m'nyumba monse mumafunika bata. Tsiku lina ndinayatsa ketulo.

"Mayi, zimitsani kaye. Mumusokoneza."

"Ali ku London, bambo."

"Nkhani zimene simukuzidziwa muzingokhala chete."

Zikanathera pa sofa pomwepo pakanapanda Abambo Mfumu ena a kwathu, amene ankatumikira parishi ina ku Crumlin. Anabwera kudzatichezera, ndipo akumwa tiyi anangotchula kuti ali ku seminale ankasewerako pang'ono. Amuna anga anawayang'ana ndi chifundo.

"Abambo Mfumu, bwerani Loweruka. Ndikuonetseniko tina ndi tina. Koma pa kapinga, osati pa simenti pa ku paki. Simenti ndi ya ophunzira."

Kapinga amene ankanenayo anali kuseri kwa nyumba yathu ya lendi, pamene ndimayanika zovala, malo oti mutayalapo mphasa zisanu ndi imodzi adzadza. Sabata yonse anakhalira kumeta udzu, pomaliza ndi sizasi yanga. Makina anabwereka kwa neba wathu, mayi wachikulire wachiairishi, amene anandifunsa pa mpanda ngati kwathu kukubwera bishopu. Ma raketi awiri anakagula ku shopu ya zachifundo. Ukonde anatenga neti ya udzudzu imene ndinabwera nayo kuchokera kumudzi, ndisanadziwe kuti dziko lino vuto lake si udzudzu. Kabudula woyera, malaya oyera, masokosi oyera. Wochapa sanafunsidwe maganizo. Anagulanso masitiroberi ndi kirimu, poti kumeneko oonerera amadya zomwezo.

Mizere ndiyo inandipweteka mtima. Penti anakana, ati lanilodi akwiya. Ndinatuluka Loweruka m'mawa n'kupeza bwalo lonse lalembedwa bwinobwino ndi ufa wanga woyera, umene ndimaukwerera mabasi awiri kukaugula m'tauni.

"Ndi wa paketi yokhayo imene inatsala, bambo."

"Masewero amafuna kudzipereka," anayankha.

Oyamba kufika anali mbalame zam'nyanja zija za mu Dublin, zosaopa munthu ngakhale Mulungu. Zinadya ngodya imodzi yonse. Kenako kunawaza kamvula, mizere yotsalayo n'kusanduka phala. Abambo Mfumu anafika cha m'ma thu koloko, atavala thalauzi lakuda ndi nsapato za ku Misa. Anayang'ana bwalolo nthawi yaitali ndithu, n'kuvula kolala yaunsembe ija ya m'khosi. Ine amuna anga anandikhazika pa mpando wa m'khitchini kuti ndikhale woyimbira, ngakhale mpaka lero sindidziwa chifukwa chimene amawerengera fifitini, sate, fote ngati munthu amene anathawa sukulu.

Mpira woyamba amuna anga anaudunditsa pansi nthawi yaitali, monga amachitira mnzawo wa pa TV, n'kuuponya m'mwamba, n'kumenya mphepo. Wachiwiri anaupeza, koma unakagwera m'maluwa a neba. Mayi aja anaubweza, n'kutsamira pampanda kuti asaphonye zotsatira. Abambo Mfumu ankabweza mipira mofatsa, monga munthu wopatsira khanda nthochi, koma ngakhale imeneyo inkawadutsa amuna anga, iwo akufotokoza kuti mphepo ya kuno njosiyana.

Ndiye kunabwera kampira kena kakafupi, kogwera pafupi ndi neti. Amuna anga anathamanga ngati mnyamata, phazi n'kuponda pa phala lija. Tinamva kuti phwa! Anagwa chafufumimba, n'kutembenuka msanga kuyang'ana kumbuyo.

"Ndani wandimenya?"

Kumbuyo kunalibe munthu. Anandiyang'ana ine.

"Ndili pampando pano, bambo. Ndikanafuna ndikanakumenyani m'mawa muja, pa nkhani ya ufa."

Koma nditaona nkhope yawo, nthabwala zinandithera. Thukuta linali kamukamu, phazi likungolendewera, ndipo ndinadziwa kuti mtsempha wa kuchidendene waduka. Ndinawagwira mutu, Abambo Mfumu n'kuthamangira galimoto. Neba uja anabwera ndi bulangete lake n'kuwafunditsa. M'njira yonse amuna anga anandigwira dzanja osalankhula, chinthu chimene sindinachionepo chikwatiwire.

Mawu anawabwerera titafika kuchipatala. Namwino atafunsa kuti zachitika bwanji, anadzutsa mutu. "Ndavulala ndikusewera tenisi," anatero mokweza kuti onse odikira amve. "Pa kapinga."

Anawaveka chinsapato chachikulu chapulasitiki mpaka chilimwe chinatha. Ine ndikaweruka kosambitsa okalamba a eni, ndinkafikira kusambitsa wanga. Wosewera wawo uja naye anachoka mu mpikisano sabata yomweyo, ati bondo. Amuna anga analira misozi yeniyeni. "Mwaona, mayi? Tonse awiri. Thupi limatikana mtima ukufunabe."

Patapita miyezi tinali pa chikondwerero cha ubatizo ku Crumlin, ndipo munthu wina anafunsa Abambo Mfumu kuti kodi anapambana ndani tsiku lija. Amuna anga anasiya kutafuna. Wansembe saloledwa kunama, koma amaphunzira zaka zambiri.

"Masewerowo sanathe," anatero, n'kupitiriza kudya.

Choncho mpaka lero m'nyumba mwanga muli munthu amene sanagonjepo pa kapinga.